Ndemanga: ulendo wa banja wa masiku 10 ku St Lucia ndi Durban, nyenyezi 4 mwa 5

Ulendowu, wa ku South Africa, tinagula kwa kampani ina yokonza maulendo, wa anthu asanu: akulu awiri ndi ana atatu a zaka 14, 9 ndi 4. M'mtengo mwake munali ndege kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Johannesburg, galimoto yahayala, usiku 3 ku St Lucia, usiku 6 ku Durban, ulendo umodzi wapaboti ndiponso tsiku limodzi lokaona nyama ku Hluhluwe-iMfolozi. Tinapita mu Ogasiti. Tikuupatsa nyenyezi zinayi. Malowo ndi abwino kwambiri kwa ana, koma kagawidwe ka masiku n'kopendekera ku mzinda, ndipo zinthu zina zomwe zimadya ndalama sizilembedwa papepala la mtengo.

Tiyambe ndi mwezi, chifukwa ndiwo umalamula zonse. Ogasiti ndi nthawi yomwe ana a ku Malawi ali patchuthi chachitali pomwe a ku South Africa ali m'kalasi, choncho magombe sadzaza ndipo malo ogona sakwera mtengo. Kuthengo udzu umakhala utauma ndi kufupika, nyama zimasonkhana kumitsinje, ndipo anangumi amakhala akudutsa m'mbali mwa gombe kuyambira Juni mpaka Novembala. Masana ku Durban kumafunda bwino, koma m'mawa pagalimoto yopanda denga yokaonera nyama kumazizira kwambiri, majuzi musasiye. Ogulitsa maulendo amakonda kukankhira anthu ku Disembala. Kuyambira pa 16 Disembala mpaka chaka chatsopano, pagombe la Durban pamakhala posaponda phazi, kunja kuli chifundizi, mitengo ili m'mwamba. Banja la mwana wamng'ono lipewe nthawi imeneyo.

Mapepala savuta. Pasipoti ya Malawi imalowa ku South Africa popanda viza kwa masiku 30. Mwana aliyense akhale ndi pasipoti yake, ndipo ndi nzeru kunyamula zikalata zakubadwa za ana, komanso kalata ya kholo linalo ngati mwana akuyenda ndi kholo limodzi. Vuto lili pa O.R. Tambo, bwalo la ndege la ku Johannesburg. Mukatera kuchokera ku Lilongwe mumayamba mwadindisa pasipoti, n'kutenga katundu yense, kenako n'kukamuperekanso kumbali ya ndege za m'dziko momwemo. Kampaniyi inasiya maola awiri okha pakati pa ndege ziwirizo, omwe ndi ochepa kwa anthu asanu ndi masutikesi. Pemphani maola atatu kapena kuposa. Funsaninso ngati tikiti ya Johannesburg–Durban ili ndi katundu wa pansi pa ndege, pakuti matikiti otchipa a m'dzikomo kawirikawiri amalola kachikwama ka m'manja kokha, sutikesi mumalipira padera, ndipo pabwalo la ndege imakhala yodula kuposa kulipiriratu pa intaneti.

Nkhani ya galimoto ndiyo yagwetsa nyenyezi yachisanu. Papepala palembedwa kuti galimoto yalipiridwa kale, zomwe n'zoona, koma obwereketsa amafuna chikole chomwe amachigwira pa khadi, ndipo ambiri amafuna khadi ya ngongole, ya credit, yokhala m'dzina la woyendetsa. Ambiri kwathu tili ndi makhadi a debit, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja komwe kulipo, khadi imatha kukana kunja ngati simunakambirane ndi banki yanu. Izi zikonzedwe milungu ingapo ulendo usanafike, ndipo kampani ikulembereni kuti chikole ndi chochuluka bwanji ndi khadi yamtundu wanji yomwe ilandiridwe. Layisensi ya ku Malawi imagwira ntchito, ndipo amayenda kumanzere ngati kwathu. Lamulo lawo limafuna mpando wapadera kwa mwana wosakwana zaka 3; ife tikuti ngakhale wa zaka 4 mumutengere, koma muuitanitsiretu chifukwa sabwera nawo okha. Musanachoke pamalo oimikapo, jambulani galimoto mbali zonse, matayala ndi galasi lakutsogolo. Inshuwalansi wamba nthawi zambiri siphimba matayala ndi magalasi, ndipo misewu ina ya m'paki ndi yamiyala.

Kuchoka pa King Shaka International Airport, bwalo la ndege la ku Durban, kupita ku St Lucia ndi makilomita pafupifupi 200, maola awiri ndi theka, kutsata N2 kumpoto mpaka Mtubatuba kenako R618 kulowera kunyanja. Panjira pali matolugeti, monga Mvoti ndi Mtunzini, ofanana ndi athu a pa Chingeni. Khalani ndi ma rand m'thumba. Zakudya za masiku atatu gulani ku Mtubatuba kapena mukangofika, ndipo yesetsani kufika kusanade.

Chifukwa chake ndi mvuu. St Lucia ndi katauni kakang'ono kozunguliridwa ndi iSimangaliso Wetland Park, malo omwe UNESCO inawaika pamndandanda wake mu 1999, ndipo usiku mvuu zimatuluka m'madzi kudzadya kapinga m'misewu, ngakhale pafupi ndi McKenzie Street pomwe pali malesitilanti. Wokulira ku Liwonde kapena ku Mangochi safunika kuuzidwa za mvuu, koma ana a m'tauni amaiona ngati ng'ombe yonenepa. Usiku yendani pagalimoto ngakhale mtunda uli wa mphindi zisanu. Ulendo wapaboti ndi wa maola awiri: mvuu zili mbwee, ng'ona zikuwothera dzuwa, nkhwazi zikulira m'mitengo. Ndi wabwino, koma amene anakwerapo boti pa Shire sadzadabwa kwenikweni. Sankhani wa madzulo, pomwe mvuu zimayamba kutakataka. Pamathiriro a ku St Lucia, pomwe madziwo amakumana ndi nyanja, musasambe, muli ng'ona.

Chomwe kwathu kulibe ndi Cape Vidal, makilomita pafupifupi 35 kuchokera ku St Lucia kudzera pa geti ya Bhangazi. Msewu umadutsa m'thengo momwe mumaona mbidzi, njati, njiri, nthawi zina chipembere, n'kukathera pagombe lomwe lili ndi miyala yotchinga mafunde. Apa pakufunika kumvetsa chinthu chomwe nyanja yathu ilibe. Nyanja yamchere imaphwa ndi kudzaza kawiri patsiku, ndipo nthawi yake imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Ikaphwa, kuseri kwa miyalayo kumatsala dziwe lodekha momwe ana amaonera nsomba ndi magalasi osambira. Ikadzaza, mafunde amalumpha miyalayo ndipo palibenso choona. Onani nthawi ya kuphwa dzulo lake, mufike ola limodzi isanakwane. Ndalama yolowera ndi ya munthu aliyense kuphatikiza ya galimoto, ndipo sinali m'mtengo wa ulendo. Apusi a pamalopo ndi akuba odziwa ntchito yawo: chakudya chikhale m'galimoto, mawindo otseka.

Tsopano Hluhluwe-iMfolozi, pomwe pali phindu lenileni la ulendowu ndiponso pomwe kampani inaumira. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1895, ndi ya mahekitala 96,000, ndipo imayendetsedwa ndi Ezemvelo KZN Wildlife. Kuno ndi komwe chipembere choyera chinapulumukira chitatsala pang'ono kutha padziko; m'zaka za m'ma 1960, Ian Player ndi anzake anayamba kuzigwira n'kuzitumiza kumapaki ena. Ku Malawi tili ndi chipembere chakuda chokha, ndipo 17 mwa za ku Liwonde zinachokera ku KwaZulu-Natal komweku mu 2019. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta kuphunzitsa ana: choyera chili ndi kamwa yotambalala ndipo chimadya udzu mutu uli pansi, chakuda chili ndi mlomo wosongoka wothyolera masamba ndipo chimabisala m'zitsamba. Auzenitu ana kuti zambiri azipeza zopanda nyanga. Kuyambira mu 2024 oyang'anira akhala akuzidula nyanga kuti opha nyama mozembera asazifune.

Kuchokera ku St Lucia mpaka geti ya Nyalazi ndi ola limodzi pa R618 yomweyo. Mu Ogasiti geti imatsegulidwa 6 koloko m'mawa ndi kutsekedwa 6 koloko madzulo. Mikango, afisi ndi mimbulu zimayenda m'maola awiri oyambirira. Ikamakwana 10 koloko zimakhala zagona m'mithunzi. Galimoto ya kampaniyi inanyamuka 7 koloko, ndiye kuti nthawi yabwino inathera pamsewu. Limbikirani kuti inyamuke 5 koloko. Funsaninso za msinkhu, popeza eni magalimoto opanda denga ambiri amaika malire pa ana aang'ono, ndipo banja likhoza kugawika pageti. Kuyendetsa nokha n'kotheka ndipo kwa mwana wa zaka 4 n'kwabwino koposa, chifukwa akatopa mumaima pamalo opumira. Liwiro lisapose makilomita 40 pa ola, musatsike pena paliponse kupatula malo olembedwa, ndipo njovu ikakhala mumsewu imani patali, injini isazime, musiye mpata wobwerera m'mbuyo. Mbali ya iMfolozi, kumwera, ndi yotseguka ndipo maso amafika patali, makamaka pa msewu wozungulira wa Sontuli m'mbali mwa mtsinje wa Black iMfolozi. Mbali ya Hluhluwe ndi yamapiri ndi nkhalango, yokongola koma nyama zimabisika.

Tsiku limodzi silikwanira. Uzani kampani ichotse usiku uwiri ku Durban iuike m'paki. Mwa malo ogona a m'pakimo, Hilltop ili ndi lesitilanti ndipo ndi yoyenera ana aang'ono. Mpila mumaphika nokha, ndipo mpanda wake sutchinga afisi, omwe amadziwika ndi kulanda nyama pamoto anthu akuona. Kumeneko mwana asatuluke yekha kukada. Mafuta thirani ku Mtubatuba musanalowe.

Ku Durban tinapatsidwa nyumba yophika tokha pafupi ndi gombe, ndipo kwa anthu asanu iyi ndi nzeru kuposa zipinda ziwiri za hotelo. Nyamulani ma adaputa awiri kapena atatu: mapulagi athu ndi a mano atatu amakona, masoketi awo ndi a mabowo ozungulira. Khwalala la oyenda pansi la m'mbali mwa nyanja limachokera ku uShaka Marine World, malo oonera nsomba ndi kusewera m'madzi, mpaka ku Blue Lagoon, ndipo pali obwereketsa njinga. Madzi ndi ofunda poyerekeza ndi a ku Cape Town chifukwa cha madzi ofunda oyenda m'nyanja, otchedwa Agulhas, ochokera kumpoto.

Apa ndi pofunika kusamala kwambiri, makamaka kwa amene amasambira bwino ku Salima ndipo akudzidalira. Sambirani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu pokha, pomwe opulumutsa anthu akuyang'ana. Madzi omwe mafunde aponya kumtunda amabwerera m'nyanja kudzera pampata umodzi ngati mtsinje, ndipo pamalo pamenepo ndi pomwe pamaoneka podekha, pakuda, popanda thovu. Pamakopa makolo a ana aang'ono chifukwa chomwecho. Madziwo akakukokani musalimbane nawo kulunjika kumtunda, mutopa; sambirani chammbali motsata gombe, kapena yandamani n'kukweza dzanja. Mphepo ikamawomba kuchokera kunyanja imabweretsa ma bluebottle, tizilombo tabuluu tokhala ngati thovu tomwe timaluma ngakhale titafa pamchenga. Mwana akalumidwa, chotsani tiulusi take totsalira pakhungu osapukuta, tsukani ndi madzi a m'nyanja, pitani kwa opulumutsa. Magombe osambira amatetezedwa ku shaki ndi zida za KwaZulu-Natal Sharks Board, zomwe zimachotsedwa m'malo ena nthawi ya sardine run, pomwe nsomba za sadini zimadutsa mwaunyinji, mu Juni ndi Julayi. Chinanso, chichitikire madzi osefukira a mu Epulo 2022, magombe ena amatsekedwa nthawi ndi nthawi chifukwa cha zonyansa m'madzi. Khonsolo ya eThekwini, yoyang'anira mzinda wa Durban, imalengeza omwe ali otsegula. Onani m'mawa uliwonse, makamaka mvula ikagwa. uShaka Marine World idya tsiku lathunthu. Nsomba zake zili m'nyumba yomangidwa ngati sitima yomira, ndipo tikiti yophatikiza nsomba ndi malo otsetsereka a madzi ndiyo yopindulitsa, bola mutsimikize kuti mbali ya madziyo ndi yotsegula tsikulo.

Mawu oti "zamasewero" papepala la kampani anatanthauza kukaona bwalo la Moses Mabhida, osati tikiti ya mpira. Bwalolo ndi lokongola, ndi uta wake wa mamita 106, ndipo ndi pomwe Spain inagonjetsa Germany 1–0 mu semifainolo ya World Cup ya 2010, koma bwalo lopanda anthu ana amatopa nalo msanga. Matikiti gulani nokha pa intaneti. Ligi ya mpira wamiyendo imayamba mu Ogasiti, ndipo AmaZulu, komwe Gabadinho Mhango anasewerako, ndi timu ya mumzindawu. Onani bwalo lomwe lalembedwa pa masewerowo, chifukwa sasewera pamodzimodzi nthawi zonse. Kuwoloka msewu pali Kings Park, kwawo kwa Sharks a rugby. Ngakhale malamulo ake musakuwadziwa, pitani: mabanja amafika molawirira, amawotcha nyama panja pa bwalo, ana akuthamangitsana ndi mpira paudzu. Cricket ya ku Kingsmead ndi ya nyengo yotentha, mu Ogasiti musaiyembekezere.

Za mumzinda masiku awiri akwana. Durban Botanic Gardens, ya mu 1849, ndi malo abwino opumira ana. Victoria Street Market ndi ya zokometsera ndiwo. Pitani m'mawa, foni ili m'thumba, pa Uber kapena Bolt m'malo moimika galimoto yahayala m'kati mwa tauni. Bunny chow, buledi wobowola n'kuthiramo nyama kapena nyemba zothira curry, itanitsani ya kota ya buledi, ndipo ya ana nenani kuti isakhale ya tsabola. Ngakhale wozolowera kambuzi amatuluka thukuta. Kulesitilanti amayembekezera 10 peresenti yapamwamba, ndipo olondera magalimoto ndi othira mafuta amapatsidwa kangachepe, choncho ndalama zachitsulo musazitaye. Mukagula zovala kapena nsapato ku Gateway ku uMhlanga, pemphani malisiti a msonkho. Zogula zikaposa R250 mukhoza kubwezeredwa VAT ya 15 peresenti pa O.R. Tambo, koma amafuna kuona katunduyo musanapereke masutikesi, ndiye muikeni pamwamba ndipo muwonjezere ola pa nthawi yanu ya pabwalo.