Kabichi kapena bonongwe, maapozi kapena magwafa?

Mukalowa mumsika waukulu wa Zomba mbali ya masamba, kabichi ndiye amayamba kukukodolani: mipukutu ikuluikulu, yosanjidwa bwino pabenchi. Bonongwe amakhala pansi, pa chiguduli, timitolo toyamba kale kufota dzuwa likakwera, ndipo ambirife timangomulambalala, ati ndi ndiwo za tsiku limene m'thumba mwauma. Kwathu timadya zonse ziwiri, ndiye ndati ndizigundanitse tione chimene chilichonse chimasiya m'thupi.

Kabichi ali ndi zake zomwe sitingamulande. Mpukutu umodzi umatha sabata osawola ngakhale mulibe fuliji, pamene bonongwe wogula lero m'mawa, mawa wagona kale. Mumphika namo kabichi sachita manyazi. N'chifukwa chake pamaliro, paukwati ndi kusukulu zogonera komweko amalamulira ndi iyeyo; bonongwe wodzaza beseni akapsa amatsala kambale kamodzi, anthu n'kumayang'anana. Pa vitamini C awiriwa sasiyana kwenikweni: m'magalamu 100 a masamba osaphika, kabichi ali ndi mamiligalamu pafupifupi 37, bonongwe 43.

Kupitirira pamenepo mpikisano watha. Ayironi, uja amathandiza kupanga magazi, mu bonongwe alimo mamiligalamu oposa 2, mu kabichi theka la miligalamu imodzi. Kashiamu wolimbitsa mafupa ndi mano, bonongwe ali ndi oposa 200, kabichi 40 basi. Pa vitamini A, wa maso ndi chitetezo cha m'thupi, bonongwe amaposa mnzakeyo maulendo oposa 20. Chizindikiro chake ndi mtundu: tsamba likabiriwira kwambiri, nthawi zambiri ndiye kuti zopangira vitamini A zilimo zambiri. Masamba a m'kati mwa kabichi saona dzuwa, n'chifukwa chake amayera. Aja obiriwira akunja, amene ali ndi kenakake, ndi omwe timasenda n'kuponyera akalulu.

Koma manambalawa asatinamize. Bonongwe ali ndi asidi wina wachibadwa amene amagwira kashiamu, moti si yense amene amalowa m'thupi. Ayironi wa m'masamba nayenso salowa msanga ngati wa m'chiwindi kapena m'matemba a ku Chilwa. Chimamuthandiza ndi vitamini C, ndiye tomato asamachepe mumphika, kapena finyirani ndimu pambale. Chimamutsekereza ndi tiyi womwera pa nsima pomwepo. Mayi woyembekezera amene wapatsidwa mapiritsi a magazi kusikelo asawasiye poti akudya bonongwe.

Nkhwani ndimaukonda kuposa onsewa, koma chilungamo chake ndi ichi: pa ayironi umalingana ndi bonongwe, pa kashiamu uli ngati kabichi yemweyo, ndipo vitamini C ndi wochepa, mamiligalamu 11. Umapulumukira pa nsinjiro. Vitamini A amafuna mafuta kuti alowe m'thupi, choncho agogo athu potendera ankachita zanzeru ngakhale dzina la vitaminiyo sankalidziwa. Chimene ankaphonya, ndipo ifenso tikuphonyabe, ndi soda kapena chidulo. Masamba amafewadi msanga, amabiriwira mokongola, koma vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B amathera momwemo. Pa therere ndagonja, sindingakangane ndi apongozi anga. Pa nkhwani wanthete wosadzulidwa bwino, soda ndi wa chiyani?

Mpiru uli pakatikati, ndipo ndi umene ndingauike m'malo mwa kabichi nthawi ya chilimwe, pamene masamba a m'munda atha ndipo tikudalira madimba a m'mbali mwa Likangala. Vitamini C ulinaye wokwana mamiligalamu 70, kashiamu woposa 100, ndipo pa vitamini A umalingana ndi bonongwe. Kuwawa kwake ana ena amakana, inde, koma wotendera amadya osaona kuti watha liti.

Ku zipatso nkhani yake ndi yomweyi, mwina kuposa. Tikamapita kukazonda wodwala kuchipatala timafuna tinyamule maapozi, poti amaoneka aulemu m'jumbo. Ambiri mwa iwo amachokera ku South Africa, ndipo mtengo wake umanena wokha za ulendowo. Komatu m'magalamu 100 a apozi muli vitamini C wosakwana mamiligalamu 5. Lalanje lili ndi 53. Masitiroberi aja anyamata amakuthamangitsani nawo pamsewu wokwera ku Ku Chawe ali ndi pafupifupi 59. Gwafa, yemwe ana amagenda pamtengo wa kuseri kwa bafa, amapitirira 200, kutanthauza kuti mmodzi yekha wakwaniritsa vitamini C wa tsiku lonse wa munthu wamkulu.

Apozi si woipa. Amasungika masabata, savuta kutafuna, ndipo ndi khungu lake lomwe amathandiza m'mimba kuyenda bwino. Magwafa ali ndi nyengo yake mvula ikamapita kumapeto, njere zake zimasautsa a mano obooka, ndipo amene sanalumepo gwafa n'kupeza theka la mphutsi sanakulire kuno. Muziyamba mwang'amba pakati. Koma pa ndalama ya apozi mmodzi mumatenga mulu wa magwafa wokwana nyumba yonse. Ngati mukufuna vitamini A, onse awiriwa asiyeni, tengani papaya wakupsa kapena mango akafika mu Novembala ndi Disembala.

A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu azidya masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 patsiku. Ndi maapozi ndi masitiroberi, banja la anthu asanu silingafikepo ngakhale pa malipiro. Ndi bonongwe, mpiru, magwafa ndi papaya wa pakhomo, zimatheka. Kabichi ndimagulabe mpukutu umodzi Loweruka, wodikirira alendo obwera mosayembekezereka ndi masiku amene mvula yanditsekera m'nyumba, ndipo masiku ano aja masamba akunja ndimauza wogulitsa kuti asandichotsere.