Heritage Card patatha miyezi isanu ndi inayi: ndalama yanga yabwerera chifukwa cha Clonmacnoise

Mu Febuluwale ndinagula Heritage Card ya OPW (nthambi ya boma ya Office of Public Works) pa ma euro 40, khadi yolowera malo akale osamalidwa ndi boma la Ireland kwa chaka chathunthu. Nthawi ija ndinaigulira kukaona mabwinja a Rock of Cashel. Kumeneko ndinapitadi kamodzi, koma komwe khadiyi yandithandiza kwenikweni ndi ku Clonmacnoise, mabwinja a malo akale a amonke m'mphepete mwa mtsinje wa Shannon, kumene ndafikako kanayi.

Ulendo woyamba ndinangojambula zithunzi n'kubwerera. Maso anayamba kutseguka ulendo wachiwiri, pomwe ndinalibenso phuma loti ndalipira ndiye ndione zonse lero. Ndinaima nthawi yaitali pa Temple Ciarán, katchalitchi kochepa ngati kachipinda kogona, makoma ake opendekeka. Amati m'menemo ndi momwe anaikidwa Ciarán, amene anayambitsa malowa m'zaka za m'ma 540. Alimi ankatapamo dothi kukathira m'ngodya za minda yawo kuti mbewu zitetezeke. Kwa ine mwana wa mlimi, zimenezi zinandigwira mtima kuposa nsanja zonse za pamalopo.

Chomwe ambiri amachiphonya ndi Nuns' Church, yomwe ili kunja kwa mpanda, kaulendo ka mphindi zingapo wapansi. Inamalizidwa mu 1167 ndi thandizo la Derbforgaill, mwana wamkazi wa mfumu ya ku Meath. Denga kulibe, koma khomo lake lokhota ngati uta lidakalipo, mizere yosemedwa yosanjikizana, ina yokhotakhota ngati mano a sowo, ina yokhala ndi timitu ta zilombo. Dzuwa likapendeka madzulo, mithunzi imatulutsa zosemazo bwinobwino. Masana zimaoneka ngati mwala wamba.

Mitanda ikuluikulu yoima panja ndi yongofanizira. Yeniyeni, kuphatikizapo Cross of the Scriptures ya cha m'ma 900, anailowetsa m'nyumba kuopa mvula. Poyamba zinandikhumudwitsa, koma nditayandikira weniweniwo ndi kuona momwe nkhope zafufutikira, ndinavomereza.

Ku Glendalough, malo ena akale a amonke, khadi siifunika kuti muone mabwinja, kulowa n'kwaulere. Imagwira ntchito pa nyumba yofotokozera alendo mbiri ya malowo yokha. Nsanja ya kumeneko ya mamita 30 ndi tchalitchi cha Kevin Woyera cha denga la miyala mudzaziona osatulutsa kanthu.

Ngati mukufuna kungodutsa kamodzi, gulani tikiti pakhomo. Ine ndidzagulanso khadi ina ikatha iyi, chifukwa Jerpoint Abbey ku Kilkenny sindinapondeko, ndipo khomo la Nuns' Church ndikufuna kuliona m'mawa wa chisanu.