Nyumba ya m'munsi mwa phiri, titaigonera mvula ndi chilimwe

Nyumba yomwe tinagula kunja kwa tauni, m'dera la mapoloti akuluakulu lomwe latsamira phiri, tsopano yatidutsitsa nyengo zonse: mvula, chisanu ndi chilimwe. Titangolowa kumene ndinkaitamanda pa zinthu zitatu, malo otakasuka, bata, ndi phiri lomwe limadzaza zenera lonse la pabalaza. Zitatuzo zilipobe ndipo sindikubweza mawu. Koma anthu amene amandifunsa ngati nawonso agule kotereku ndimawauza kuti phiri si chithunzi chopachika pakhoma. Limatumiza madzi, mphepo ndi mthunzi, ndipo mwininyumba amakhala ndi zimenezo tsiku ndi tsiku, kaya wayang'ana pazenera kapena ayi.

Madzi ndiwo atidyera ndalama zambiri kuposa china chilichonse. Masamu ake ndi osavuta. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi, ndiye lita imodzi ya madzi. Poloti ya masikweya mita 2,000 ikalandira mvula ya mamilimita 30, pagwa malita 60,000. Pamalo athyathyathya ambiri mwa madziwo amadikha n'kulowa pansi pang'onopang'ono. Potsetsereka sadikira, amathamanga, ndipo amabwera pamodzi ndi a mapoloti onse a kumtunda kwanu. Mvula yoyamba yamphamvu inatsika ndi timiyala, masamba ndi dothi lofiira, n'kudzaunjika zonsezo kuseri kwa nyumba. Patapita milungu ingapo penti ya m'munsi mwa khoma la kuchipinda inayamba kutuza matuza, ukaikhudza n'kumayoyoka ngati ufa woyera, ndipo nsapato za m'kabati zinachita nkhungu.

Mmisiri amene tinamuitana sanataye nthawi ndi khomalo. Anazungulira nyumba akuyang'ana pansi, kenako anati, "Bwana, khoma ili n'labwinobwino, koma madzi alibe njira." Kumbuyo kwa nyumba kuli khoma lotchinga dothi, lija amamanga akadula phiri kuti apeze posalala pomangapo. Khoma lotere limayenera kukhala ndi timabowo m'munsi mwake totulutsira madzi, ndiponso miyala ing'onoing'ono kumbuyo kwake kuti madzi azitsika mosavuta. Pa lathuli timabowoto tinalipo, koma wina anatimata ndi pulasitala kuti khoma lizioneka losalala pogulitsa nyumba. Mmisiriyo atagogoda kabowo koyamba ndi chizulo, panatuluka madzi amatope akuda, onunkha chivundi, ndipo anapitiriza kuchucha mpaka madzulo. Madzi onsewo anali akukankha khoma chamkati. Dothi lonyowa ndi lolemera kwambiri kuposa louma, n'chifukwa chake makoma otere amagwa nthawi ya mvula osati m'chilimwe.

Tinakumba ngalande kumtunda kwa poloti yopatutsira madzi m'mbali, tinakonza pansi pozungulira nyumba kuti pazitsetsereka kuchoka ku maziko (amisiri amafuna kuti patsike masentimita pafupifupi 15 pa mamita 3 oyambirira), ndipo tinabzala mizere ya udzu wa vetiva mopingasa potsetserekapo. Vetiva ndimamuyamikira popanda chokayikitsa. Mizu yake imalowa pansi chindunji, nthawi zina mpaka mamita 3, safalikira pabwalo, ndipo mvula isanathe kumbuyo kwa mzere uliwonse kunali kutaunjikana dothi lomwe likanathera mumsewu. Chomwe simenti siingakonze ndi nkhani ya anthu oyandikana nawo. A kumtunda kwathu anawaka bwalo lawo lonse, moti dontho lililonse limatsikira kwa ife, ndipo ngalande yathu nayo imalozera kwa a kumunsi. Nkhani ya madzi m'dera lotere imafuna kukhalirana pansi, apo ayi mumadana ndi munthu amene simunayambanepo naye pa china chilichonse.

Ming'alu ya m'makoma inatiopsa poyamba. Mbali ina ya poloti ndi ya makande, dothi lomwe limafufuma likanyowa n'kunyala likauma, ndipo nyumba imayenda nalo pang'ono. Tinalemba ndi pensulo pomwe mng'alu uliwonse wathera, n'kuikapo tsiku. Yambiri ndi yopyapyala, imatseguka m'chilimwe n'kutsekeka mvula ikabwera. Yoti muitanire injiniya ndi yomwe ikukulirakulira, yoposa mamilimita 5, kapena yotsata mizere ya njerwa chokwera ngati masitepe, makamaka zitseko zikayambanso kuvuta kutseka. Yathu siinafike pamenepo.

Chodabwitsa n'chakuti nyumba yovutika ndi madzi a mvula imavutikanso ndi mpope wouma. Mamita 10 aliwonse amene madzi akwera, mphamvu yake m'paipi imatsika ndi bar imodzi, pafupifupi (bar ndi muyeso wa mphamvu yomwe madzi amakankhira m'paipi). Nyumba za pamwamba ndizo zimayamba kuuma m'mawa anthu a kumunsi akatsegula mipope yawo, ndipo ndizo zimamaliza kulandira madzi akabwerera. Tinaika thanki ndi pampu. Zinathandiza, koma pampu imafuna magetsi, ndiye thanki yokwezeka pamwamba pa nsanja ndi yomwe imatipulumutsa zonse ziwiri zikavuta tsiku limodzi. Wogula aliyense atsegule shawa nthawi ya m'mawa, osati masana pamene ejenti amakonda kuonetsa nyumba.

Za mphepo ndi kuzizira maganizo anga ndi ogawanika. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse okwera, choncho kukwera kwa dera lathu pakokha kumangochotsako pang'ono. Chimene timamva kwambiri ndi mphepo ya usiku. Dzuwa likalowa, mpweya wa pamwamba pa phiri umazizira msanga, umalemera, n'kuyamba kutsetsereka m'mapeto mwake kudutsa m'mabwalo athu. M'miyezi yotentha imeneyi ndi mphatso, timagona osayatsa fani pamene anzathu a m'tauni akusowa tulo. M'chisanu mphepo yomweyo imapeza kampata kalikonse ka pazenera, ndipo mazenera akuluakulu amene anatikopa aja ndiwo amataya kutentha kwa m'nyumba msanga. Makatani ochindikala ndi timalabala tomata m'mphepete mwa mazenera zathandiza kuposa hita.

Mthunzi ndi nkhani yomwe sindinamvepo wogulitsa nyumba akuitchula. Phiri lathu lili chakum'mawa. Dzuwa limayenda madigiri 15 pa ola, ndiye ngati msana wa phiri watchinga madigiri 15 a thambo, mwataya ola lathunthu la dzuwa la m'mawa, mwinanso kuposerapo. Kwa ife izi zikutanthauza kuti mame amachedwa kuuma pakapinga, zovala zimachedwa pachingwe, khoma la mbali imeneyo limachita ndere, ndipo masola amayamba ntchito mochedwa. Anzathu a tsidya lina, amene phiri lili kumadzulo kwawo, amadandaula zosiyana: kwawo kumada msanga. Musanagule, imani pabwalo n'kuona komwe dzuwa limatulukira ndi kulowera poyerekeza ndi phirilo.

Nanga phirilo? Likadali lokongola, koma diso limazolowera. Milungu yoyambirira tinkamwera tiyi pakhonde tikuliyang'ana. Pano pamatha masiku osalilabadira, mpaka mlendo ataima pazenera n'kusiya kulankhula, ndiye nafenso timatembenuka. Komanso silioneka chimodzimodzi chaka chonse. M'chilimwe fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire zimaliphimba moti limangotsala chimthunzi chotuwa. M'nyengo ya mvula chifunga chimalibisa m'mawa wonse. Nthawi yake yeniyeni ndi madzulo mvula ikangokata kumene, pamene mwala uliwonse umaoneka ndipo timitsinje toyera timatsika m'mikwasa momwe dzulo lake munali mouma. Masiku amenewo ndimaiwala mtengo wa ngalande.

Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti maonekedwewo si athu. M'maiko ambiri lamulo silipatsa mwininyumba ufulu woona phiri kudutsa pamalo a mnzake. Pakati pa ife ndi phiri pali poloti yopanda nyumba, ndipo posachedwapa pakhomedwa zikhomo ndi zingwe za amisiri. Ndinapita kukhonsolo kukafunsa kutalika kwa nyumba zololedwa m'derali, ndipo yosanja kamodzi ndi yololedwa. Ikamangidwa, theka la phiri lichoka pazenera la pabalaza. Mitengo ya mnansi nayo ingachite chimodzimodzi m'zaka zochepa popanda pulani iliyonse. Gawo lina la mtengo wa nyumba yotere mumalipirira maonekedwe, ndiye funso la poloti yoyandikana ndi lofunika kulifunsa ndalama zisanatuluke. Nyumba yomwe kutsogolo kwake kuli msewu, chigwa kapena nkhalango yotetezedwa ili pabwino kuposa yomwe kutsogolo kwake kuli poloti yodikira mwini wake.

Kutakasuka kwa malo ndiko kwandisangalatsa koposa phiri, zomwe sindinkayembekezera. Ana amathamanga mpaka kutopa osatuluka pageti. Tili ndi dimba, mitengo ya zipatso yayamba kugwira, ndipo wailesi ya mnansi sitiimva. Mtengo wake ndi thukuta. Poloti ya mamita 40 kwa 50 imafuna mpanda wa mamita 180, pamene ya 20 kwa 25 imafuna 90 okha, ndipo potsetsereka mpanda umamangidwa modukizadukiza, zomwe zimakweza mtengo. Udzu wa nthawi ya mvula sudikira kuti mupume. Ife tinasiya maganizo odzala kapinga paliponse, tinangosamala kachigawo ka pafupi ndi khonde, kwina konseko tinabzala mitengo ndi zitsamba zosafuna kuthirira. Bwalo lalikulu la kapinga wobiriwira chaka chonse, kudera komwe mpope umauma, ndi la munthu amene ali ndi chitsime chake.

Bata nalo lili ndi mbali ziwiri. Nyumba zikatalikirana, kukuwa sikumveka kwa mnansi. Tili ndi gulu la pafoni la anthu a mumsewu wathu, ndipo ndilo lathandiza pa chitetezo kuposa mpanda. Ndi gulu lomwelo limene limachenjezana moto wa m'tchire ukabuka m'phiri. Moto umathamanga kwambiri pokwera kusiyana ndi potsika, choncho amene ali pamwamba pa tchire louma ndiwo ali pangozi yaikulu, komabe tonse timalambula udzu mamita pafupifupi 10 kuzungulira nyumba ndi kuchotsa masamba ouma m'magatala chilimwe chisanafike pachimake. Njoka taziona, osati kawirikawiri. Apusi anapeza dimba lathu ife tisanakolole kanthu.

Mtunda sutha kukonzedwa. Ngati nyumba yakuwonjezerani makilomita 15 pa ulendo wa kuntchito, kupita ndi kubwera kwa masiku 22 ndi makilomita 660 pamwezi, osawerengera sukulu, tchalitchi ndi kokagula zinthu. Chitunda chimamwa mafuta pokwera n'kudya mabuleki potsika. Galimoto ikakhala kugalaja banja lonse limaima, chifukwa zoyendera za anthu onse sizifika pafupipafupi m'madera a nyumba zotalikirana. Wotithandiza ntchito za pakhomo amayenda wapansi chitunda chonsecho, ndipo tinayenera kuganizira zimenezo pa malipiro ake. Achibale amene ankangotulukira tili m'tauni tsopano amayamba aimba foni, ndipo ena sabweranso. Zimenezi ena angazione ngati phindu, ine zimandiwawa pang'ono. Netiweki ya foni imagwira bwino kukhonde la kutsogolo koma imasowa kuzipinda za kumbali ya phiri.

Za mapepala sindichulutsa. Chikalata cha umwini chinali bwino, koma woyeza malo anapeza kuti mpanda wa mbali imodzi sunatsate mabikoni, zomwe zimachitika kawirikawiri pamapoloti akuluakulu chifukwa palibe amene amayeza mita imodzi pamalo otakasuka chonchi. Tinagwirizana ndi mnansi loya asanamalize ntchito yake. Pa inshuwalansi werengani ngati kugumuka kwa nthaka ndi kutitimira kwa maziko zilimo, chifukwa nthawi zambiri sizikhala m'gulu la zinthu zotetezedwa mwachizolowezi, chonsecho m'munsi mwa phiri ndizo zoopsa zenizeni. Ndipo ngati mukugula pangongole, dziwani kuti pa ngongole ya zaka 20 ya chiwongoladzanja cha 10 peresenti, pafupifupi magawo 86 pa 100 a ndalama zimene mumabweza chaka choyamba amapita ku chiwongoladzanja. Nyumba yotere si yoti mugule n'kugulitsa patatha zaka ziwiri mutatopa ndi mtunda.

Kodi ndingaigulenso? Inde, chifukwa ntchito yanga ina ndimagwirira kunyumba, ana akadali aang'ono, ndipo kugwira khasu Loweruka sindikuona ngati chilango. Kwa munthu amene amatuluka mbandakucha n'kubwera usiku, phirilo azilipirira osaliona, ndipo ndingamulangize nyumba yaing'ono pafupi ndi ntchito. Amene mtima wakana ndithu, apite kukaiona nyumbayo mvula ikugwa, atavala majombo, azungulire kuseri, aone komwe madzi akuchokera ndi komwe akupita, ndipo asuzumire m'munsi mwa khoma lotchinga dothi ngati timabowo take tikutuluka madzi. Asungenso ndalama yapadera ya ngalande, thanki ndi mpanda, pamwamba pa mtengo wa nyumba.

Ntchito yomwe yatsala kwathu ndi ya msewu. Mvula yapitayi inakumba chigwembe m'mbali mwake kuyambira pamwamba mpaka pamphambano, moti galimoto zazifupi zimakhula pansi polowa pageti. Eni nyumba a mumsewu wathu tagwirizana kusonkha ndalama zowakira ngalande ya miyala mvula ina isanayambe, koma a kumtunda kwenikweni, amene madzi sawavutitsa, sanayankhebe.