Magnetometer kapena radar: chiti chothandiza kuona mizinda ya Agiriki yokwiririka?

Mzinda wakale wa Selinunte pachilumba cha Sicily ku Italy, womwe Agiriki anamanga, ndi waukulu moti kuukumba wonse n'kosatheka. Akatswiri a ku Germany anaupima ndi magnetometer, chida chozindikira kusintha kwa mphamvu ya maginito m'nthaka. Misewu yowongoka inaonekera, komanso ng'anjo zambiri zootchera mbiya m'chigwa cha Cottone. Dongo lootchedwa limasunga maginito, n'chifukwa chake ng'anjo sizibisika. Chidachi n'chachangu, munthu amapima malo aakulu tsiku limodzi. Vuto lake n'lakuti waya wa mpanda kapena chitsulo chotayidwa chimasokoneza zonse, ndipo chidachi sichinena bwino kuya kwa khoma.

Radar imatumiza mafunde pansi n'kumvetsera kubwerera kwawo. Imaonetsa kuya, ngakhalenso nyumba yomangidwa pamwamba pa inzake. Koma imachedwa, ndipo m'dothi lamakande lonyowa mafundewo amazimirira msanga.

Kwa ine, pamzinda wonse magnetometer iyambe. Radar ibwere pambuyo, pabwalo la msika kapena pakachisi, pomwe mibadwo inamanga mosanjikiza ndipo kuya kuli kofunika kudziwa musanakumbe.