Timu ya madolo kapena timu ya chimvano: yodalira ndi iti pa chikho?

Mkangano uwu sutha m'mavidiyo sho. Ena amati dziko likakhala ndi dolo wosewera ku England kapena ku Spain, chikho latenga kale theka. Ena amati madolowo ndi mayina chabe, timawakweza mopitirira muyeso, akafika ku AFCON, mpikisano wa matimu a mayiko a mu Africa, amazilala. Mbali zonse ziwiri zili ndi umboni, koma aliyense amangotola umene ukumukomera. Ndiye tiyeni tiike matimu awiriwa pafupi, tione chimene iliyonse imagula ndi chimene singathe kugula.

Malo abwino oyambira ndi fainolo ya AFCON ku Libreville, m'dziko la Gabon, pa 12 Febuluwale 2012. Ivory Coast inalowa m'bwalo ndi Didier Drogba ndi Salomon Kalou a ku Chelsea, Yaya Touré ndi mkulu wake Kolo a ku Manchester City, Gervinho wa ku Arsenal, Cheick Tioté wa ku Newcastle. Mpikisano wonsewo inali isanamwetsedwe chigoli ngakhale chimodzi. Nanga Chipolopolo ya ku Zambia inali ndi ndani? Goloboyi Kennedy Mweene ankasewera ku Free State Stars ku South Africa, Stoppila Sunzu ndi Rainford Kalaba ku TP Mazembe ku Lubumbashi, kaputeni Christopher Katongo ku China. Emmanuel Mayuka anali ku Ulaya ndithu, koma ku Young Boys ya ku Switzerland, timu imene pa vidiyo sho palibe amaivalira jezi. Chimene anyamatawa anali nacho n'chakuti ambiri anali atasewera limodzi zaka zingapo, ndipo mphunzitsi wawo Hervé Renard ankawadziwa kuyambira 2008. Panalinso china cholemera: m'nyanja pafupi ndi mzinda womwewo ndi m'mene inagwera ndege ya timu ya Zambia mu Epulo 1993, n'kupha osewera 18.

Mpira unatha opanda chigoli. Drogba anapatsidwa penate m'chigawo chachiwiri n'kuiponya pamwamba pa golo. Pa mapenate Kolo Touré ndi Gervinho anaphonya, Sunzu anamwetsa, Zambia 8, Ivory Coast 7.

Amene amati madolo ndi mayina chabe amaimira pamenepa n'kuyamba kuwomba m'manja. Dikirani pang'ono. Patangotha miyezi itatu, pa 19 Meyi, Drogba yemweyo anabweza chigoli ndi mutu ku Munich, kenaka n'kumwetsa penate yomaliza imene inapatsa Chelsea chikho cha Champions League. Mwendo ndi womwewo, munthu ndi yemweyo. Ndipo funsani funso limene masapota a chimvano salikonda: pa zaka za Drogba, Ivory Coast inapita ku World Cup katatu kotsatizana, 2006, 2010 ndi 2014, pomwe m'mbuyomo inali isanapiteko. Zambia mpaka pano sinapondeko, ndipo chaka chotsatira, 2013, inatuluka mu ndime ya magulu itafanana mphamvu masewero onse atatu.

Egypt ndiye imaonetsa kusiyanaku bwino kuposa dziko lina lililonse, chifukwa yalawa mitundu yonse iwiri. Timu ya mphunzitsi Hassan Shehata inatenga AFCON katatu kotsatizana, 2006, 2008 ndi 2010, ndi osewera ambiri a m'ligi ya kwawo, makamaka a Al Ahly. Mohamed Aboutrika sanasewereko ku Ulaya, koma ndiye anamwetsa chigoli chogonjetsa Cameroon mu fainolo ya 2008 ku Accra. Mu semifainolo ya chaka chimenecho anakwapula Ivory Coast ya madolo ija 4-1, ndipo mu fainolo ya 2006 goloboyi Essam El-Hadary anagwira penate ya Drogba. Anthuwa ankadziwana mapazi: wina asanadzutse mutu ankadziwa kale kumene mnzake wathamangira, chifukwa ankaphunzira limodzi sabata ndi sabata ku kalabu. Komabe timu yoopsa chonchi inalephera kupita ku World Cup, Algeria inaitsekera khomo ku Sudan mu 2009.

Egypt ya Mohamed Salah ndi yosiyana kotheratu. Mu Okutobala 2017 Salah anamwetsa penate m'mphindi zoonjezera polimbana ndi Congo, n'kutengera dziko lake ku World Cup koyamba kuchokera 1990. Koma mafainolo awiri a AFCON anamupulumuka, 2017 kwa Cameroon, ndi uja wa mu 2022 ku Yaoundé, m'dziko la Cameroon, kwa Senegal, kumene mapenate anatha iye asanaponye yake.

Ndiye mukaziika pamodzi, dolo amakugulirani ulendo wautali. Masewero odzipezera malo amatenga chaka kapena ziwiri, mumasewera ndi matimu ang'onoang'ono amene amadzaza anthu kumbuyo, mabwalo ena oipa, osewera akumana masiku atatu okha asanalowe m'bwalo. Pamenepo palibe nthawi yomanga chimvano, pamafunika munthu mmodzi woti achite chinthu chimene ena sangathe. Chikho cha mwezi umodzi n'china. Timu imakhala mu kampu masabata angapo, masewero opita ku chikho ndi asanu ndi awiri okha masiku ano, ndipo mu ndime yachipulula mphunzitsi aliyense amadziwa dzina loti alitsekere njira. Kuika anthu awiri pa Salah n'kosavuta. Kuika anthu awiri pa aliyense wa anyamata khumi ndi mmodzi ogwirizana sikutheka. Onjezanipo mapenate, amene saona kuti malipiro ako ndi angati, ndipo goloboyi wabwino amasanduka wofunika kuposa womwetsa zigoli wotchuka. Mweene anagwira penate ya Asamoah Gyan wa ku Ghana mu semifainolo ya 2012. Popanda manja amenewo nkhani ya Libreville sitikanaikamba.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandiseketsa pa Ivory Coast. Chikho chimene chinawakana zaka zonse za Drogba anachitenga mu 2015, Drogba atasiya kusewerera dziko, mphunzitsi ali Renard yemwe uja anawaliza, ndipo penate yomaliza anamwetsa ndi goloboyi, Boubacar Barry. Yaya, Kolo ndi Gervinho analipobe. Madolo sanachotsedwe, anangopatsidwa ntchito.

Senegal nayo inatenga chikho chake choyamba Sadio Mané atasiya kukhala yekha: kumbuyo kunali Édouard Mendy ndi Kalidou Koulibaly, ndipo mphunzitsi Aliou Cissé anali atakhala ndi timuyo kuyambira 2015. Mané anaphonya penate kumayambiriro kwa fainolo, anzake anamusungira mpirawo mpaka anapeza mwayi wachiwiri.

Mpikisano womwewo wa ku Cameroon, mu Januwale 2022, ndi umene umatikhudza ife a Flames, ndipo umasokoneza mbali zonse ziwiri za mkanganowu. Malawi inamwetsa zigoli zitatu mpikisano wonse, ndipo zonse zitatu anamwetsa Gabadinho Mhango: ziwiri zogonjetsa Zimbabwe 2-1, ndi chija cha patali chimene chinadutsa pamutu pa Yassine Bounou wa Morocco mpira utangoyamba. Munthu amene angati Gaba tinkangomukweza andiuze kuti zigolizo zikanachokera kuti. Komanso poyinti imene inatipititsa mu ndime yachipulula koyamba m'mbiri yathu sinabwere ndi chigoli. Inabwera pa 0-0 ndi Senegal, timu imene inadzatenga chikho, pamene Charles Thomu pagolo ndi otchinga kumbuyo anakaniza Mané njira. Za penate ija imene oyimbira anatipatsa kenaka n'kuibweza ataonera VAR, tisayambe, titha tsiku. Ndipo amene anatitulutsa ndani? Dolo. Achraf Hakimi, filikiki imodzi, 2-1.

Ine mukandifunsa timu yoti ndiikhulupirire kuti ifika ku mpikisano, ndisankha ya dolo mosazengereza. Mukandifunsa yoti itenga chikho ikafikako, ndiyamba ndafunsa kuti goloboyi wake ndani, otchinga pakati asewera limodzi zaka zingati, ndipo mphunzitsi anabwera liti. Dzina la kutsogolo ndilifunsa pomaliza. Vuto la Flames silili pa kusankha pakati pa ziwirizi, chifukwa madolo a msinkhu wa Salah tilibe, ndipo njira ya Shehata imafuna mphunzitsi wokhalitsa ndi osewera osasinthasintha. Kinnah Phiri anali atakhala ndi timu kuyambira 2008 pamene tinaswa Algeria 3-0 ku Luanda mu 2010, Algeria yomwe ija inatsekera Egypt khomo la World Cup.