Maphunziro a tadelakt ku Marrakech: ndi abwino koma manja akhale okonzeka

Ngati mukufuna kuphunzira tadelakt, pulasitala yonyezimira ija imene amapaka m'ma hammam (nyumba zosambiramo) ndi m'ma riad (nyumba zachikhalidwe zokhala ndi bwalo pakati) a ku Morocco, kalasi imene ndinalowa mu medina (chigawo chakale cha mzinda) ya Marrakech ndiyabwino ndithu. Amisiri ake sataya nthawi ndi nkhambakamwa, amangokupatsa laimu wa komweko, utoto wa ufa ndi kathabwa basi yamba kupaka.

Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi mmene amaphunzitsira nthawi yoyambira kusalaza ndi mwala, chifukwa ukayamba laimu akadali wonyowa umangomukokolola, ukachedwa wauma mwala sugwiranso ntchito, ndiye mmisiri wophunzitsayo amakugwiritsa pulasitalayo ndi chala kuti umve wekha. Kamwala kake kosalala kokwana m'dzanja, umazungulizazunguliza pang'onopang'ono mpaka pulasitalayo iyambe kuwala ngati mbale yadothi yowotcha. Kenako sopo wakuda wa maolivi wosungunula m'madzi, ameneyo akakumana ndi laimu ndi amene amapangitsa kuti madzi asamalowe, n'chifukwa chake kubafa sipafunikanso matailosi. Phewa limawawa zedi, osanama.

Chodandaula changa n'choti magolovesi anali ochepa pomwe laimu amawotcha khungu, bwerani ndi anu. Komanso timangoyeserera pa timatabwa tating'ono, makona ndi masinki sitinawagwire n'komwe, pomwe ndi pamene ming'alu imakonda kuyambira. Za kasamalidwe anafotokoza bwino, viniga kapena mandimu ayi, asidi amadya laimu, mumangotsuka ndi sopo yemweyo. Tengani ma dirham (ndalama za ku Morocco) m'manja, khadi sankalandira.