Tinaonera Shame pabalaza ku Mabvuku, ndaipatsa 4 pa 5

Loweruka lapitali, titaweruka kumsonkhano wa bungwe lathu la maliro kuno ku Mabvuku, mu Harare, tinatsalira kwa mlamu wanga kuti tionere filimu ya Shame. Amene anabwera nayo pa laputopu ndi mphwanga amene akuphunzira za uphungu, ndipo anachita kunenetsa kuti ana onse apite kaye kwa aneba. Tinalipo anthu 9, akuluakulu okhaokha. Ndikulemba kuti amene mukufuna kuionera mudziwiretu, chifukwa ife tinangolowamo m'chimbulimbuli.

Filimuyi inatuluka mu 2011. Anaikonza ndi Steve McQueen wa ku London, yemwe uja pambuyo pake anadzapanga 12 Years a Slave. Michael Fassbender akusewera ngati Brandon, mnyamata wa ku New York wantchito yabwino, wosakwatira, nyumba yake yoyera mbee ngati wodi ya kuchipatala. Vuto lake n'lakuti tsiku silingathe osagona ndi mkazi kapena kuonera zolaula. Amalipira mahule, amadzitsekera m'chimbudzi cha kuofesi, ndipo kompyuta yake ya kuntchito anaipeza yodzaza ndi zonyansa. Kenako mlongo wake Sissy, amene akuseweredwa ndi Carey Mulligan, akutulukira ndi chikwama n'kukhazikika m'nyumbamo, Brandon n'kusowa pobisala. Ndi ya mphindi 101, ndipo ku America anaipatsa chizindikiro cha NC-17, kutanthauza kuti wazaka 17 kutsika m'munsi saloledwa ngakhale atabwera ndi kholo. Chizindikirocho sanachiike mwangozi. Filimu ikungoyamba, munthu ali mbulanda akuyendayenda m'nyumba.

Pomwepo amalume, amene zaka zawo zadutsa 70, anadzuka. "Mwatiitanira zimenezi?" Anatenga chipewa n'kukakhala pakhonde. Azimayi anayang'ana pansi. Azibambo ndiye anayamba kuseka, makamaka achimwene a Banda, oyendetsa kombi. Pamene Brandon amapenyetsetsa mkazi wamwini m'sitima, mphete ili pachala, mpaka kumulondola potsika, a Banda anamenya ntchafu. "Tambala weniweni ameneyu!" Akazi awo, a Naphiri, sanayankhe. Anangowayang'ana kamodzi, n'kupitiriza kutola maputi m'mbale.

Amalume anabwerera okha atamva nyimbo. Pali pamene Sissy akuimba New York, New York mubala, pang'onopang'ono ngati nyimbo ya pasiwa, kamera ili pankhope yake osasuntha, ndipo Brandon akugwetsa msozi n'kuupukuta msanga kuti bwana wake asaone. Ena ananena kuti yatalika. Kwa ine apa ndi pamene ndinazindikira kuti sitikuonera filimu ya zolaula.

Koma pamene kuseka kunatheratu ndi pa nkhani ya Marianne, mtsikana wa kuntchito kwake. Ameneyu ndi mkazi yekhayo amene Brandon anapita naye kokadya, anacheza naye, anaseka naye, anamufuna monga munthu. Usiku wina anasonkhanitsa magazini onse, zolaula zonse pamodzi ndi laputopu, n'kutaya m'matumba a zinyalala, ndipo anatenga Marianne kupita naye kuhotela. Atafika pabedi, thupi linakana. Mtsikanayo anavala n'kumapita mwaulemu. Pasanapite nthawi, m'chipinda chomwecho, Brandon ali ndi mkazi wina wosamudziwa, zonse zikuyenda. Pabalaza panangoti zii. Ndimamva kulira kwa filiji kukhitchini. A Banda anali atanyamula botolo kuti amwe, anangoligwira choncho pachifuwa mpaka chithunzi chinasintha. Tambala uja sanamutchulenso.

Fassbender anapata mphoto ya wosewera bwino pa chionetsero cha mafilimu ku Venice chaka chomwecho cha 2011, ndipo n'zomveka. Chakumapeto, usiku umene akuzungulira mzinda wonse ngati galu wopenga, mpaka kumenyedwa pabala chifukwa choputa chibwenzi cha munthu, kamera ikufika pankhope yake ali mkati mwa zimene wakhala akuzifunazo. Palibe kukoma pankhopepo. Akuoneka ngati munthu amene akumuzula dzino. Ndinakumbukira bambo wina amene tinkakhala naye pafupi ku Tafara, amene ankamwa kachasu akulira, akutukwana kapu yomwe ali nayo m'manja.

Filimu itatha ndiye panabuka mkangano, ndipo kunena zoona mkanganowo unandipindulira kuposa filimuyo. Amalume anati palibe chovuta apa, mnyamatayu ali ndi ziwanda, akufunika mapemphero ndi mkazi wa pabanja. A Naphiri anakana zonse ziwiri. "Amalume, mkazi walakwanji kuti akhale mankhwala? Ndiponso matenda ake ati? Kuno ku Harare mwamuna akakhala ndi small house, chibwenzi chamseri, ku Ruwa anzake amamuombera m'manja. Lero mwapeza dzina loti matenda kuti tizikumverani chisoni?" Azimayi onse anavomera. Azibambo tinangokanda mitu.

Mphwanga ndiye anatithandiza. Anati bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika vutoli m'buku lake la matenda la ICD-11, limene linayamba kugwira ntchito mu 2022, koma silinaliike pagulu la mowa ndi chamba, linaliika pagulu la kulephera kudzigwira. Sawerenga kuti munthu wagona ndi akazi angati. Amaona ngati wayesa kusiya n'kulephera kwa miyezi 6 kapena kuposa, ngati ntchito, banja ndi thanzi zikuonongeka, ndiponso ngati akupitirizabe pamene sakumvanso kukoma. Kungodziimba mlandu chifukwa cha zimene tchalitchi kapena mzikiti umaphunzitsa, pakokha sikukwanira kuti atchedwe wodwala. Anawonjeza kuti madokotala a maganizo a ku America anakana kuliika m'buku lawo la DSM-5 mu 2013. Ndiye a Naphiri sali okha, akatswiri nawonso amakangana.

Ine ndikuona kuti a Naphiri akunena zoona za azibambo ambiri amene timawadziwa. Chimasomaso n'chimasomaso, ndipo ambiri akanafuna akanasiya mawa. Koma Brandon si wa gulu limenelo. Alibe mkazi woti amunamize, alibe anzake oti awadzitamire, amabisa ngati wakuba. Filimuyi yakwanitsa kusiyanitsa anthu awiriwa popanda kulalikira, n'chifukwa chake ndaipatsa 4.

Imodziyo ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Choyamba, ubwana wa Brandon ndi Sissy angoukhudza pamwamba. Tikumva kuti anabadwira ku Ireland n'kukulira ku New Jersey, tikuona zipsera pamikono ya Sissy, tikudziwa kuti kwawo kunachitika choipa, basi. Azimayi anadandaula kuti mtsikanayu, amene akuimba foni osayankhidwa mpaka kufika podzicheka, ndiye anafunika filimu yakeyake. Chachiwiri n'chimene chinandiwawa. M'filimu yonse sindinamve wina akutchula edzi. Ife bungwe lathuli buku lake la m'zaka za m'ma 1990 ladzaza ndi mayina, mwezi wina tinkaika maliro Loweruka lililonse. Kuonera munthu akusintha akazi chonchi, choopsa chake n'kungokhala manyazi okha, kwa ife a kuno sizikukwana.

Malangizo anga ndi ochepa. Yatsani mawu olembedwa m'munsi, chifukwa amalankhula motsitsa ndipo nthawi zambiri salankhula n'komwe. Okonda zoomberana mudzagona, pali pamene munthu akungothamanga mumsewu usiku kwa mphindi zingapo. Musaonere ndi apongozi. Ife amalume tinawapepesa kawiri, ngakhale kuti pochoka anafunsa ngati mtsikana woimba uja anachira.

Tikutuluka, kunja kutada, ndinatsalira pageti kumanga chingwe cha nsapato. A Banda anakokera mphwanga pambali pa mpanda, akazi awo atatsogola. Ndinamva akufunsa motsitsa mawu kuti aphungu amenewa amapezeka kuti ndipo amalipiritsa madola angati. Akuti akufunsira kondakitala wawo.